Tifunseni: Kodi Msilikali Amalandira Zingati Kwenikweni?

Mwezi uno makalata ambiri amene tinalandira anali okhudza malipiro a asilikali, ndipo ochuluka mwa olemba si asilikali eni ake koma makolo awo ndi akazi awo. Dziko lililonse lili ndi malamulo akeake pa nkhani imeneyi, ngakhale kuti kayalidwe ka malipirowo kamafanana kwambiri. Zitsanzo zathu tazitenga ku America, ku Britain ndi ku bungwe la United Nations, chifukwa kumeneko ndondomeko za malipiro zimasindikizidwa poyera moti aliyense angathe kuziwerenga.

Mwana wanga wamwamuna watsimikiza mtima zolowa usilikali. Kapepala kamene anapatsidwa ndi olemba anthu ntchito kakuonetsa ndalama zambiri ndithu pa chaka, koma mnzake amene ali kale m'gulu la nkhondo akuti zimene zimalowa ku banki kwake n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimenezo. Kodi akunama ndani? — Bambo wina

Bambo, n'kutheka kuti pa awiriwo palibe amene akunama, kungoti aliyense akuwerengera zinthu zosiyana. Zimene msilikali amapeza pa ntchito yake zimabwera m'njira zitatu, ndipo amene sanazilekanitse amasokonezeka msanga.

Poyamba pali malipiro enieni, amene pa Chingerezi amawatchula kuti basic pay. M'mayiko ngati America amenewa amatengera zinthu ziwiri zokha: udindo wa munthu ndi zaka zimene wagwira ntchito. Ku America asilikali wamba ndi masajeni ali m'magiredi oyambira E-1 mpaka E-9, maofesala ali pa O-1 mpaka O-10, ndipo pakati pawo pali akatswiri a ntchito zapadera amene ali pa W-1 mpaka W-5. Ndondomeko yake ndi imodzi kwa asilikali apamtunda, apamadzi ndi amumlengalenga, kotero kuti wophika ndi wonyamula mfuti kutsogolo, ngati ali pa giredi imodzi ndipo zaka zawo n'zofanana, malipiro awo enieni ndi ofanananso. Ndalama zimenezi zimadulidwa msonkho, ndipo kawirikawiri zimakwera mu Januwale, monga mmene zinakwerera ndi 5.2 peresenti mu 2024.

Pamwamba pa malipirowo pamabwera maalawansi, amene ndi ndalama zolipirira chosowa chinachake chodziwika, makamaka nyumba ndi chakudya. Ku America ochuluka mwa maalawansi amenewa sadulidwa msonkho. Kenako pali zabwino zina zimene munthu sazigwira m'manja ngati ndalama, monga chithandizo cha kuchipatala cha iye ndi banja lake kudzera mu ndondomeko ya TRICARE, tchuthi cha masiku 30 pa chaka akulandirabe malipiro, inshulansi, thandizo la maphunziro ndi penshoni ya mtsogolo.

Olemba anthu ntchito amakonda kuphatikiza zambiri mwa zimenezi n'kupereka chiwerengero chimodzi. Boma la America lili ndi muyeso wake wotchedwa Regular Military Compensation, umene umasonkhanitsa malipiro enieni, alawansi ya nyumba, alawansi ya chakudya, komanso phindu limene munthu amapeza chifukwa chosadulidwa msonkho pa maalawansi awiriwo. Phindu lotsirizali ndi limene limavuta kulimvetsa, choncho tiyeni tingoyerekeza ndi manambala athuathu. Tinene kuti munthu wamba amalandira madola 4,000 pa mwezi ndipo msonkho umatenga 20 peresenti. Amatsala ndi 3,200. Msilikali nayenso akhale ndi 4,000, koma 2,800 yokha ndiyo malipiro enieni ndipo 1,200 ndi maalawansi. Msonkho umaluma pa 2,800 yokhayo n'kutengapo 560, ndipo iye amatsala ndi 3,440. Kuti munthu wamba uja atsale ndi 3,440 ayenera kumalandira 4,300. Ndiye olemba ntchito akalemba 4,300 pa kapepala kaja sananame, ngakhale kuti ndalama yotero sidzaonekapo pa akaunti ya mwana wanu.

Mnzake ujanso ali ndi chifukwa chodandaulira. Msilikali wongoyamba kumene amene sali pa banja nthawi zambiri amagona ku baraki ndipo amadyera m'chipinda chodyera cha asilikali. Nyumba ndi chakudya amazilandira ngati bedi ndi mbale, osati ngati ndalama, pomwe kapepala kaja kanaziwerengera pa mtengo wake wonse. Maganizo anga ndi akuti chiwerengero chachikulucho n'chothandiza pamene mwana wanu akuyerekeza usilikali ndi ntchito ina, chifukwa kuntchito inayo lendi, chakudya ndi chipatala adzalipira yekha. Koma pokonza bajeti ya mwezi, kapena polonjeza zimene azitumiza kwa makolo, aiwale kaye chiwerengero chimenecho n'kufunsa funso limodzi lolunjika: pa giredi yoyambira, ndili ku baraki, msonkho ndi zonse zodulidwa zitachoka, ku banki kuzilowa zingati? Paja akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Amuna anga analowa usilikali tsiku limodzi ndi mnzawo wina ndipo udindo wawo ndi umodzi, koma mkazi wa mnzawoyo anandionetsa pepala la malipiro la amuna ake ndipo ndalama zake n'zochuluka kuposa zathu. Kodi amuna anga akundibisira kanthu, kapena ku ofesi kuli tsankho? — Mayi wa ana awiri

Mayi, musafulumire kukayikira amuna anu kapena ofesi musanaike mapepala awiriwo pamodzi n'kuwerenga mzere ndi mzere. Yambani ndi mzere wa malipiro enieni. Ngati udindo ndi zaka zikufanana, mzere umenewo uyenera kufanana, ndipo ukasiyana pamenepo ndiye pali nkhani yoti akafunse ku ofesi ya malipiro. Koma nthawi zambiri kusiyana kumakhala m'mizere yapansi.

Alawansi ya nyumba ya ku America, imene amaitchula mwachidule kuti BAH, ndi chitsanzo chabwino. Imatengera giredi ya munthu, dera limene watumizidwa kukagwira ntchito, komanso ngati ali ndi banja lomudalira kapena ayi. Asilikali awiri a udindo umodzi, wina akugwira ntchito ku San Diego kumene lendi ndi yokwera kwambiri ndipo wina ali kudera lakumidzi la Oklahoma, amalandira ndalama zotalikirana ndithu, koma sizitanthauza kuti wa ku San Diego ndi wolemera, popeza ndalamayo imangodutsa m'manja mwake n'kupita kwa mwini nyumba. Chimene chimadabwitsa mabanja ambiri n'chakuti alawansiyi siwerenga mitu ya ana. Wa mwana mmodzi ndi wa ana asanu amalandira mofanana, malinga ngati onse analembedwa kuti ali ndi owadalira. Komanso siinakonzedwe kuti ikwaniritse zonse: kuyambira mu 2019 imawerengeredwa kuti ilipire pafupifupi 95 peresenti ya mtengo wa nyumba, yotsalayo munthu aonjezere za m'thumba mwake.

Alawansi ya chakudya, yotchedwa BAS, ili ndi khalidwe lakelake. Mu 2024 msilikali wamba ankalandira madola 460.25 pa mwezi pomwe ofesala ankalandira 316.98, kutanthauza kuti pa mzere umenewu wamng'ono amaposa bwana wake. Ndalamayi ndi ya pakamwa pa msilikaliyo payekha, osati banja lonse, ndipo imasintha chaka ndi chaka motsatira mitengo ya zakudya.

Palinso malipiro apadera amene amabwera chifukwa cha luso kapena kuopsa kwa ntchito: olumpha ndi parachuti, oyendetsa ndege, ogwira ntchito m'sitima zoyenda pansi pa madzi, ophwasula mabomba, madokotala ndi odziwa zilankhulo zofunika. Mnzawo wa amuna anu angakhale kuti anachita maphunziro ena otere. Mbali inayo, onaninso mizere ya zodulidwa, chifukwa mwina amuna anu anasankha kuti gawo lina la malipiro lizipita ku thumba losungira ndalama za pa ukalamba kapena ku ngongole, ndipo zotere zimachepetsa chiwerengero cha pansi osachepetsa malipiro. Chimene ndingakupempheni n'chakuti pepala limeneli muziliwerengera limodzi m'nyumba mwezi uliwonse, chifukwa amuna anu akadzapita kutali kwa miyezi yambiri, amene adzatsale akuyendetsa ndalamazo ndi inuyo.

Ndinamva kuti United Nations imalipira msilikali aliyense wosungitsa mtendere madola oposa 1,000 pa mwezi. Mchimwene wanga anapitako koma sanalandire ndalama yonseyo. Kodi ina inapita kuti? — Mlongo wa msilikali

Nkhani imeneyi imadzetsa mikangano m'mayiko ambiri, ndipo gwero lake ndi mawu amodzi amene anthu amawamva molakwika. United Nations ilibe gulu lakelake la nkhondo, ndipo asilikali amene amapita m'magulu kukasungitsa mtendere sinawalembe ntchito. Imachita kuwabwereka ku mayiko, ndipo ndalama imene munamvayo si malipiro a msilikali koma ndi ndalama yobwezera boma limene latumiza asilikaliwo. Kuyambira mu Julayi 2018 inali madola 1,428 pa msilikali aliyense pa mwezi, ndipo mu Julayi 2022 inakwera kufika pa 1,448. Inakonzedwa kuti ithandize boma pa zimene limawononga, monga maalawansi, zovala ndi zida za munthu payekha, kupimidwa kuchipatala ndi maphunziro a ulendo usanayambe. Magalimoto ndi zida zikuluzikulu zili ndi ndondomeko yakeyake yobwezera.

Msilikali amalipidwabe ndi boma lake, motsatira udindo wake ndi malamulo a dziko lake, ndipo boma lililonse limasankha lokha kuti pa ndalama yobwezedwayo zingati zipite kwa msilikali. N'chifukwa chake asilikali awiri ochokera m'mayiko osiyana angathe kulondera chipata chimodzi, atavala zipewa zobiriwira ngati thambo zofanana, koma malipiro awo n'kukhala kutali ngati kum'mawa ndi kumadzulo. Chimene bungwelo lakhala likupereka mwachindunji kwa msilikali wa m'gulu ndi kandalama kochepa ka tsiku ndi tsiku, kamene kwa zaka zambiri kakhala dola imodzi ndi masenti 28, pamodzi ndi alawansi ya tchuthi chopumulira. Maofesala otumizidwa payekhapayekha ngati oonerera mmene zinthu zikuyendera kumalo a nkhondo ndi amene amalandira alawansi yokulirapo yodzisamalira kuchokera ku bungwelo, chifukwa malo ogona ndi chakudya amadzipezera okha.

Choncho funso loyenera kwa mchimwene wanu si lakuti madola 1,448 ali kuti, koma lakuti asananyamuke anauzidwa kuti adzalandira zingati, ndipo kodi zimenezo analandira. Ngati panali kalata kapena lamulo lolembedwa lonena za alawansi ya ulendowo ndipo zimene analandira n'zoperewera, ali ndi poyambira podandaula. Ndipo kunena zoona, maboma amene safotokozera asilikali awo momveka za kagawidwe ka ndalama imeneyi amadziputira okha mphekesera.

Ndatsala ndi zaka zitatu kuti ndipume pa ntchito ya usilikali. Ndinkayembekezera kuti penshoni yanga idzakhala theka la zimene ndimalandira panopa, koma mnzanga amene anapuma chaka chatha akuti ndikudzinamiza. Chonde ndithandizeni. — Sajeni wina

A Sajeni, mnzanuyo wakuchitirani zabwino pokuchenjezani nthawi ikadalipo. Apa ndi pamene kusiyana kwa malipiro enieni ndi maalawansi kumaonekera poyera, chifukwa m'magulu ambiri a nkhondo penshoni imawerengeredwa pa malipiro enieni okha. Alawansi ya nyumba, ya chakudya ndi ya ntchito zoopsa zimatha tsiku limene munthu wavula yunifolomu, ndipo sizisiya mbewu iliyonse mu penshoni.

Mu ndondomeko yakale ya ku America, munthu amapatsidwa 2.5 peresenti pa chaka chilichonse chimene wagwira ntchito, ndipo amachulukitsa ndi avereji ya malipiro enieni a miyezi 36 imene analandira zochuluka kwambiri. Zaka 20 zimapereka 50 peresenti, ndipo apa ndi pamene panachokera mawu oti theka. Koma bwererani ku chitsanzo chathu chija cha msilikali wa madola 4,000, amene 2,800 yokha ndiyo malipiro enieni. Theka la 2,800 ndi 1,400, imene ndi 35 peresenti chabe ya ndalama imene anazolowera kuiona pa mwezi. Komanso penshoniyo imadulidwa msonkho, pomwe maalawansi aja sankadulidwa, ndipo lendi tsopano ayamba kulipira kuchokera pa ndalama yomweyo.

Ndondomeko yakaleyo inali ndi vuto lina lalikulu: amene wachoka asanakwanitse zaka 20 ankachoka chimanjamanja, chonsecho asilikali ambiri safika zaka zimenezo. Pa 1 Januwale 2018 dzikolo linayambitsa ndondomeko yatsopano yotchedwa Blended Retirement System. Inatsitsa gawo la pa chaka kufika pa 2 peresenti, moti zaka 20 zimapereka 40 peresenti, koma m'malo mwake boma limaika ndalama m'thumba la munthu losungira la Thrift Savings Plan. Limaikamo 1 peresenti ya malipiro enieni ngakhale munthu asaikemo kanthu, ndipo akatha zaka ziwiri pa ntchito limaonjezera molingana ndi zimene iye akuika, mpaka zonse za boma zifike pa 5 peresenti. Ndalama imeneyo munthu amachoka nayo ngakhale atasiya ntchito pa zaka zisanu ndi chimodzi. Msilikali wachinyamata amene saika 5 peresenti yake m'thumbali akusiya ndalama ya boma imene inali yake kale, ndipo zimenezi achikulire ngati inu muyenera kumawauza anyamata anu.

Kwa inuyo, chochita m'zaka zitatuzi n'chodziwikiratu. Pitani ku ofesi yoona za penshoni mukapemphe kuti akuwerengereni molemba zimene mudzalandire, mufunsenso ngati gawo lina limaperekedwa nthawi imodzi ndiponso zimene akazi anu adzalandire inu mutatsogola. Mukatero yesani kukhala miyezi ingapo mukudya ndalama yofanana ndi penshoniyo, yotsalayo mukusunga. Onaninso kuti zaka zanu zonse ndi kukwezedwa kulikonse zinalembedwa molondola m'faelo yanu, chifukwa kukonza cholakwika mukadali m'kati n'kosavuta kusiyana ndi kuyenderera maofesi mutapuma kale.

Asilikali amagwira ntchito usiku, Loweruka ndi Lamlungu, ngakhale pa zikondwerero. Kodi amalandira ndalama ya ovataimu? — Wophunzira wina

Kawirikawiri salandira, popeza msilikali amatengedwa kuti ali pa ntchito nthawi zonse ndipo malipiro ake ndi a mwezi, osati a maola. Dziko la Britain linaivomereza nkhaniyi mwa njira yake. Pa malipiro enieni a msilikali wanthawi zonse limaonjezerapo gawo lotchedwa X-Factor, limene kuyambira mu 2013 lakhala 14.5 peresenti, pofuna kulipira kusiyana kwa moyo wa usilikali ndi wa munthu wamba: ngozi, kusamutsidwa pafupipafupi, maola osadziwika ndi kusowa ufulu wongosiya ntchito pamene wafunira. Bungwe loima palokha lotchedwa Armed Forces' Pay Review Body, limene linakhazikitsidwa mu 1971, ndi limene limalangiza boma pa malipiro amenewa. Kumeneko msilikali wokhala m'nyumba ya boma amadulidwa lendi yotsika pa malipiro ake, mosiyana ndi ku America kumene amapatsidwa alawansi, n'chifukwa chake kuyerekeza malipiro enieni a mayiko awiriwa popanda kuona za nyumba kumasocheretsa.

Amuna anga atabwerako kudera la nkhondo, ndalama zoonjezera zinapitirira kubwera kwa miyezi inayi. Tinaganiza kuti ndi zotsalira za ulendowo ndipo tinagulira mipando. Tsopano ofesi ya malipiro ikudula ndalama zambiri mwezi uliwonse, akuti tinalandira mopitirira. Kodi zimenezi n'zololedwa, poti olakwa ndi iwowo? — Mayi wokhumudwa

Pepani Mayi, zimenezi zimawawa, makamaka poti simunabe kanthu. Komabe m'mayiko ambiri lamulo limalola boma kubweza ndalama imene laipereka molakwika, ngakhale wolakwitsa akhale kalaliki wa ku ofesi.

Zimene zinakuchitikiranizi zimachitika kawirikawiri chifukwa ndalama za kudera la nkhondo zimayamba ndi kutha ndi pepala. Ku America msilikali amene ali m'dera loopsa amalandira mpaka madola 225 pa mwezi, amene amawerengeredwa pa madola 7.50 pa tsiku. Ngati wasiyana ndi banja lake kwa masiku oposa 30 chifukwa cha ntchito amalandiranso alawansi ya kupatukana ndi banja, ndipo msilikali wamba sadulidwa msonkho wa boma lalikulu pa malipiro a mwezi uliwonse umene wakhalako m'dera la nkhondo, ngakhale litakhala tsiku limodzi lokha. Zonsezi zikaphatikizana, ndalama ya pa mwezi imafufuma ndithu. Munthu akabwerako, wina ayenera kulemba kuti wabwera, ndipo pepalalo likachedwa pa desiki, kompyuta imangopitiriza kulipira mpaka tsiku limene owerengera ndalama adzazindikire.

Amuna anu apite ku ofesiko akapemphe kalata yofotokoza ngongoleyo: ndi alawansi iti, ya masiku ati, ndipo yonse ndi zingati. Ayerekeze masikuwo ndi zikalata zawo za ulendo, chifukwa amene analakwitsa polipira angathenso kulakwitsa podula. Ngati ngongoleyo ndi yoona, apemphe kuti izidulidwa pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri, atanyamula mndandanda wa zimene banja limawononga pa mwezi monga umboni. Afunsenso ngati malamulo a gulu lawo amalola kupempha kuti ngongole ikhululukidwe yonse kapena mbali ina, pakuti ku America njira yotero ilipo kwa munthu amene sanachite chinyengo, ngakhale kuti pempho limavuta kupambana ngati pepala la malipiro linkaonetsa poyera kuti alawansi ya kunkhondo ikubwerabe munthu ali kunyumba. Ulendo wina ndalama yosadziwika bwino ikadzalowa, muisiye pa akaunti osaikhudza, amuna anu alembe kalata yofunsa ku ofesi sabata yomweyo, ndipo kope la kalatayo lokhala ndi chidindo ndi deti mulisunge pamodzi ndi mapepala a malipiro a miyezi imeneyo.